Mkazi wa Nkhope Yobiriwira

1

Tsiku limene mng'ono wanga Margreth analowa m'nyumba mwathu ku Morley, dera lina la mzinda wa Perth, atakumbatira chinthu chokulunga m'bulangete, ndinadziwa chimene chinali m'katimo asanamasule n'komwe. Ndinali nditachipukuta fumbi kwa zaka zitatu.

"Achemwali, Mayi Renate anandisiyira ichi," anatero, maso atatupa ndi kulira.

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Pa katundu yense wa m'nyumba muja, akupatsa mfiti imeneyi?"

Chinali chithunzi chopenta pamanja, kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Mkazi atakhala pawindo, nkhope yobiriwira ngati mpiru, zala zazitali ngati za munthu wodwala, kumbuyo kwake thambo lachikasu. Maso ake ankakutsatira kulikonse kumene waima.

Ine ndine Consolata. Ndinabwera ku Perth mu 2009 ndi amuna anga a Lamson, amene amayendetsa folokolifiti ku Kewdale. Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo Mayi Renate anali mmodzi wa anthu anga: mayi wa ku Germany wa zaka 91, wamasiye, amene anabwera ku Rockingham ndi amuna awo kalekale ndipo tsopano ankakhala okha.

Kovidi itavuta mu 2020, kampani yathu inalamula kuti aliyense azigwira malo amodzi okha. Ndinasankha nyumba ya okalamba ya kampani yomweyo kufupi ndi kwathu, poti maola anali ambiri ndipo sitima ya ku Rockingham inali itandikwana. Malo anga ndinapempha kuti apatse Margreth. Ndine ndinamuitanitsa kuchokera ku Dowa kuti adzaphunzire unamwino. Ndine ndinamupatsa chipinda. Ndine ndinamuphunzitsa kusambitsa mzungu wokalamba osamuputa ukali. Iye anawasamalira miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndipo mu Okutobala anamwalira ndi ukalamba chabe.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dieter, anali ku Hamburg. Malire anali otseka, moti maliro a mayi ake anaonera pa kompyuta. Margreth atamuonetsa kapepala kamene mayiwo analemba ndi dzanja lonjenjemera, konena kuti chithunzi cha kuchipinda ndi cha Margreth, Dieter anangopukusa mutu.

"Tengani ndithu," anatero. "Chimenecho chinkandilotetsa zoopsa ndili mwana."

2

Ndinakana kuti chipachikidwe pabalaza panga, ndiye chinakhala kuseri kwa wadiropu mpaka Febuluwale 2021, pamene boma linatitsekera m'nyumba masiku asanu chifukwa cha Kovidi. A Lamson ndi munthu wosatha kukhala manja ali lende. Tsiku lachiwiri anali atakonza kale mpopi ndi chitseko cha bafa, ndiye anatembenukira kwa Margreth.

"Alamu, bweretsani mfiti yanu ija ndikukhomereni m'chipinda mwanu."

Pochitembenuza kuti aone waya, anaima.

"Kodi izi munaziona?"

Kumbuyo kunali kapepala kofiirira ndi ukalamba, kolembedwa m'Chijeremani, ndi chidindo chozungulira. Pa thabwa panali dzina lolembedwa ndi pensulo, Ewald Rehbrink, ndi chaka, 1926.

A Lamson anatsegula laputopu. Ine ndinali kukhitchini ndikusenda anyezi, koma makutu anali pabalaza. Ndinamva kuti zii. Kenako a Lamson anaimba likhweru lalitali.

"Mayi a Cathy, tabwerani kuno."

Pa sikilini panali zithunzi zina za anthu a nkhope zobiriwira ndi zofiira, zala zonga zomwezo. Pansi pa chilichonse panali mtengo umene chinagulidwira pa okushoni ku Ulaya. Ndinawerenga maziro, n'kubwerezanso, poganiza kuti maso anga alowa anyezi.

"Mwina n'chongokopera," ndinatero. "Zoterezi amagulitsa ngakhale mu shopu ya kaunjika."

"Mwina," anatero a Lamson, osandiyang'ana. "Alamu, gwirani apa ndijambule kumbuyoku."

Masiku atatu otsalawo, awiriwo anathera pa laputopu ija, mitu itagundana. Anaphunzira kuti Rehbrink anali wopenta wa ku Germany amene boma la nthawi ya nkhondo linadana ndi ntchito yake, kuti zithunzi zake zambiri zinatenthedwa, ndiye zotsalazo zikusowa ngati mano a nkhuku. Ankatchula mayina a mizinda molakwitsa n'kumaseka. Pa zaka zonse za ukwati wathu, a Lamson anali asanakhalepo nane pansi maola atatu akumvetsera chimene ndikunena. Ndinkawabweretsera tiyi, iwo n'kunena zikomo maso ali pa sikilini.

3

Anatumiza zithunzi ku kampani ina yogulitsa zinthu zakale pa okushoni, ndipo patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wina dzina lake Julia, katswiri woyesa mitengo ya zithunzi. Anavala magolovesi oyera, n'kuchigoneka pa tebulo langa lodyera mosamala ngati khanda la tsiku limodzi. Anachiunika ndi katochi kowala mwa buluu, anayang'ana misomali ya m'mbali ndi galasi lokulitsa, ananunkhiza ngakhale thabwalo atatsitsa masiki pang'ono.

Ndinakumbuka bambo athu ku okushoni ya fodya ku Kanengo, ataima pambali pa mabelo awo, chipewa m'manja, akudikira kuti munthu wina asolole tsamba limodzi n'kugamula za chaka chawo chonse.

"Mtengo umadalira zinthu zingapo," anafotokoza Julia. "Choyamba, ngati analidi iye amene anapenta. Kenako ngati sichinaonongeke kapena kupentedwanso. Koma chimene ogula amafunsa kwambiri ndi njira imene chayenda: chinachoka kwa ndani, n'kupita kwa ndani, mpaka kufika pa tebulo ili. Pakakhala pokayikitsa pamodzi pokha, palibe amakweza dzanja."

Katswiri weniweni wa zithunzi za Rehbrink anali ku Munich ndipo sakanatha kubwera, ndiye Julia anamuimbira pa vidiyo. Mkulu wa imvi uja anauza Julia kuti ayandikize foni pa kapepala ka kumbuyo. Anawerenga, n'kutsegula buku lalikulu. Kenako anavula magalasi.

Anati chithunzicho chinaonetsedwa pa chionetsero china mu 1927, chinagulidwa ndi dokotala wina, ndipo chichokereni nthawi ya nkhondo aliyense ankaganiza kuti chinapsa. Dokotalayo anali bambo awo a Mayi Renate.

"Tidzafunika kuchiyesa bwinobwino," anatero Julia atadula foni, "koma ndikuona kuti chingagulidwe pakati pa madola 200,000 ndi 280,000."

Margreth anakhala pansi, pa matailosi penipeni, n'kuphimba nkhope. A Lamson anamudzutsa atamugwira mapewa onse awiri.

"Alamu, inu ndinu munthu wa mtima wabwino. Mulungu saiwala."

Ine ndinapita kukatenthetsa madzi a tiyi amene panalibe anawapempha.

4

Nkhani sigona m'nyumba. Pofika Lamlungu, gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi kwathu linali litadzaza ndi manja opemphera. Wina analemba kuti Margreth ndi Rute wa masiku ano. Wina anati ana athu aphunzirepo kudzichepetsa. Titatuluka m'tchalitchi, amayi amene kale ankandithamangira ine anandidutsa n'kukamuzungulira iye.

"Inu a Consolata, si inu munkagwira kumeneko poyamba?" anafunsa Mayi Immaculate, amene sadziwa kusunga mawu m'kamwa. "Nanga zinakudutsani bwanji?"

Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Chimene chinandimaliza ndi foni ya amayi athu kuchokera ku Dowa. Margreth anali atawauza kuti chithunzicho chikagulidwa awamangira nyumba ya njerwa zootcha, ya madzi m'kati.

"Consolata, mwana wanga, wamva zimene wachita mng'ono wakoyo?" anatero amayi. "Ine ndinkadziwa. Ameneyu chibadwire ali ndi dzanja la madalitso. Watichotsa manyazi."

Zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndikusintha matewera a azungu kuti kwathu kusagone njala, ndipo mawu oterowo anali asanatulukepo m'kamwa mwa amayi kunena ine.

Kunyumba, a Lamson anasanduka mlembi wa Margreth. Ankamutengera ku ofesi ya Julia pa galimoto yathu, ankamuwerengera mapepala, anasinthitsa ngakhale shifiti kuti akakhalepo tsiku lokasiya chithunzicho. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Bambo a Cathy, kodi mkazi wanu m'nyumba muno ndi uti?"

Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi ozizira.

"Ameneyu ndi mng'ono wanu. Mukufuna azungu amubere poti sadziwa mapepala?"

Panalibe chimene ankachita cholakwika, ndipo ndinkadziwa. Koma nsanje ili ngati nankafumbwe. Kunja chimanga chimaoneka chabwinobwino, m'kati muli ufa wokhawokha.

5

Okushoni inakonzedwa kuti idzachitike mu Juni. Kutatsala milungu isanu, Lachinayi masana, foni ya Margreth inalira tili kukhitchini. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Ndi Julia," anatero atadula. "Akuti ayamba aimitsa. Kwabwera kalata."

Kalatayo inali imelo yopanda dzina, ndipo inapita malo atatu: kwa Julia, ku kampani yathu, ndi kwa Dieter ku Hamburg. Inkanena kuti Margreth ankadziwa mtengo wa chithunzicho kuyambira kale, kuti Mayi Renate anali atasokonezeka mutu m'miyezi yawo yomaliza, ndipo kuti Margreth anawagwira dzanja n'kuwalembetsa kapepala kaja.

Zinthu zinagwa motsatizana ngati nthochi zakupsa. Kampani inamuimitsa ntchito, poti lamulo limaletsa wosamalira okalamba kulandira mphatso osanena ku ofesi, ndipo iye sananene chifukwa ankayesa ndi chinthu chachabe. Sukulu itamva, inamuletsa kupita ku chipatala kumene ankaphunzirira ntchito mpaka nkhaniyo itatha. Dieter, yemwe uja ananena kuti tengani ndithu, anapeza loya. Ndipo tonse tinkadziwa kuti sukulu ikamuchotsa, viza yake yatha.

Margreth anasiya kudya. Ndinkamuphikira phala, n'kukhala pambali pa bedi lake ndikumusisita kumsana.

"Limba mtima," ndinkatero. "Choonadi sichibisika."

A Lamson ankayendayenda pabalaza ngati mkango wa m'khola.

"Ndi munthu wa kutchalitchi ameneyu. Ndani wina ankadziwa? Ndikukuuzani, ndi Immaculate. Simunamve mmene ankafunsira mafunso?"

"Pakamwa pake mpotero ndithu," ndinayankha.

Mawu anga anathera pomwepo, koma anakwanira. Pofika Lamlungu lotsatira, panalibe amene anakhala pa benchi imodzi ndi Mayi Immaculate. Anawachotsa mu komiti ya zophikaphika popanda kuwauza chifukwa. Ndinawaona ataima okha pamalo oimika magalimoto, atanyamula poto wa mpunga umene palibe anautenga.

Kampani inaitanitsa msonkhano woti udzagamule nkhaniyo. Mayi wina wa ku bungwe la apantchito amene ankathandiza Margreth anati kapepala kaja pakokha sikokwanira, chifukwa kanalembedwa mayiwo atafooka kale. Pankafunika umboni woti anali ndi maganizo amenewo mutu wawo ukadali bwino.

"Achemwali," anatero Margreth madzulo ena tikuanula zovala, "inu munakhala nawo zaka zitatu. Palibe chimene ananenapo za chithunzichi? Ngakhale mawu amodzi?"

Ndinapinda shati ya a Lamson mosamala, kolala mpaka mabatani.

"Palibe chimene ndikukumbuka."

6

Apa ndiye pamene ndiyenera kukuuzani zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Mu Ogasiti 2019, tsiku limene ndinakwanitsa zaka 40, ndinali pa ntchito ku Rockingham. Mayi Renate anali ataitanitsa keke. Nthawi imeneyo mutu wawo unali wakuthwa kuposa wanga, ankadzaza okha mafomu a msonkho. Ndinaimika foni pa shelefu kuti ndijambule vidiyo yotumiza kwathu. Anandiimbira nyimbo ya m'chinenero chawo, kenako anandigwira dzanja.

"Consolata, wandisamalira bwino. Ndikufuna usankhe mphatso. Chithunzi cha bambo anga chija, kapena makina anga osokera."

Ndinaseka, monga mmene ndinadzasekera tsiku lija Margreth atabwera nacho.

"Mayi, chithunzi chimenecho chingandithamangitsire amuna anga m'nyumba. Ndipatseni makina."

Nawonso anaseka mpaka kutsokomola.

"Chabwino. Ndiye chidikira mng'ono wako. Tsiku lija anabwera kudzakuthandiza, anaima pamaso pake nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti mayiyu akudikira ndani. Zaka 60 palibe anandifunsapo zimenezo, ngakhale mwana wanga. Ndikadzafa n'chake."

Makinawo ndinabwera nawo pa sitima. Ku ofesi sindinanene. Anali m'chipinda changa nthawi yonseyi, ndipo vidiyoyo inali mu foni yanga. Chiyambireni tsiku limene Julia anatchula mtengo, ndinkaionera mobisa pa nthawi yopuma ku ntchito, ndikudzimvera ndekha ndikuseka, ndikukana ndi pakamwa panga chinthu chimene chikanasintha moyo wanga. Ndikamaliza ndinkadana ndi Margreth kuposa poyamba, ngati kuti iye ndiye anandigwira lilime.

Imelo ija ndinalemba ndine. Ndinailemba Lachitatu m'mawa pamalo okwerera mabasi ku Morley, nditakhala pa benchi, yunifolomu ili m'thupi. Ndinatsegula adiresi yatsopano, ndinalemba mphindi khumi, ndinatumiza. Basi yanga itafika ndinakwera, ndipo tsiku lonse ndinagwira ntchito mopepukidwa ngati munthu amene watula mtolo.

Ndinkadziuza kuti ndikungofuna okushoni ichedwe, kuti anthu asiye kumuimbira nyimbo. Za viza sindinaziganizire. Kapena ndinaziganizira, n'kutseka maso.

7

Tsiku la msonkhano a Lamson analephera kuchoka ku ntchito, ndiye ndinamuperekeza ndine. Titafika pamalo oimika magalimoto, ndinazimitsa injini, koma Margreth sanamasule lamba. Anatulutsa pepala m'chikwama n'kuliyala pa ntchafu. Inali imelo ija, yosindikiza. Anaika chala pa dzina lake.

"Achemwali, tawerengani apa."

"Ndi dzina lako."

"Eya. Margreth. Pa baji yanga ya ku ntchito analemba Margaret, ndinatopa n'kuwauza. Kusukulu anzanga amalemba Margaret. Kutchalitchi ndine Maggie, ngakhale alamu mu foni mwawo anasunga Maggie. Mu Perth monse muno, munthu amene amalemba dzina langa mmene analembera bambo pa khadi la ubatizo ndi mmodzi yekha."

Ndinachotsa maso pa pepalalo.

"Wadziwa liti?"

"Tsiku lomwe anandionetsa."

Panali patadutsa milungu isanu ndi umodzi. Phala lonse lija ankalandira m'manja mwanga akudziwa.

"Bwanji sunanene?"

"Ndikanauza ndani? Alamu, kuti banja lanu lithe? Amayi, kuti BP iwaphe? Ndinkadikira kuti mwina mubwera nokha." Anapinda pepalalo kawiri. Sankalira. "Sindikukupemphani kuti muvomere m'katimo. Mukavomera akuchotsani ntchito, ndipo Cathy akufunika sukulu. Ndimangofuna kuti ndikamakwera ndege yobwerera ku Dowa, musamaganize kuti ndinapita ndili chitsiru."

Anatsika. Ndinamuyang'ana akuyenda kulowera ku khomo, siketi itamukulira chifukwa cha kuwonda. Za vidiyo sankadziwa. Ndikanatha kukhala m'galimoto, iye n'kupita, ine n'kutsala ndi ntchito yanga, amuna anga ndi dzina langa labwino.

Ndinakhala mphindi mwina zisanu, manja ali pa chiwongolero. Kenako ndinatsika.

8

M'chipindamo munali manijala wathu, mayi wa ku bungwe la apantchito uja, Julia, ndi Margreth. Pa sikilini ya pakhoma panali Dieter ndi loya wake. Manijala anadabwa kundiona.

"Consolata, msonkhano uno si wa achibale."

"Sindinabwere ngati mchibale. Ndili ndi umboni."

Ndinapereka foni kuti ailumikize ku sikilini. Mawu a Mayi Renate anadzaza chipinda, akuimba mosemphanitsa, keke ili patsogolo. Dieter anayandikira ku kamera yake. Anali asanaone mayi ake akuseka kwa zaka zingapo, ndipo mayiwo atafika pa mawu aja oti ngakhale mwana wanga sanandifunsepo, anaphimba pakamwa ndi dzanja. Aliyense anandimva ndikusankha makina. Aliyense anamva Mayi Renate akunena kuti ndikadzafa n'chake.

Vidiyo itatha, loya uja anayamba kunena kuti komabe kalata ija ikufunika kuifufuza.

"Palibe chofufuza," ndinatero. "Ndinalemba ndine. Zonse zili m'menemo ndi bodza."

Julia anaika cholembera pansi. Manijala anandifunsa kawiri ngati ndikumvetsa zimene ndikunena. Margreth ankayang'ana tebulo.

Dieter ndiye anayamba kulankhula. Anauza loya wake kuti nkhani yatha. Kenako anati, "Margreth, pepani. Ndinakhulupirira msanga chifukwa ndinamva mtengo." Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndimutumizire vidiyoyo.

Kampani inamupatsa Margreth chenjezo lolemba chifukwa chosanena za mphatso, n'kumubwezera pa ntchito, ndipo sukulu inamulola kupitiriza. Ine anandichotsa tsiku lomwelo, pa zifukwa ziwiri: makina aja, ndi kunamizira mnzanga wa pa ntchito.

A Lamson ndinawauza ndekha atangofika kunyumba, asanavule nsapato. Sanakalipe. Nditamaliza, anangoti, "Valani. Tikupita kwa Mayi Immaculate." Ndinagwada pa kapeti ya mayi aja amuna anga ataima pakhomo. Mayiwo anandisiya ndili chogwada mpaka ndinamaliza zonse, n'kunena kuti andikhululukira, koma ndikanenenso Lamlungu pamaso pa amayi onse amene anawasala. Ndinakanena. Kunyumba a Lamson anakhala mwezi wathunthu akundilankhula za mabilu ndi za Cathy zokha.

Margreth anasamuka sabata yomweyo, n'kukapeza chipinda ku Rockingham.

9

Chithunzicho chinagulitsidwa mu Novembala 2021, pa okushoni ya pa intaneti. Nthawi imeneyo n'kuti nditapeza ntchito yolongedza makatoni m'nyumba ina yosungira katundu ku Kewdale. Ndinaonera pa foni nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa mapaleti. Mkazi wa nkhope yobiriwira uja anaonekera pa sikilini, ali mu fulemu yoyeretsedwa, ndipo manambala anayamba kukwera. Anadutsa pamene Julia anayerekeza. Anthu awiri, wina ku Berlin wina ku Zurich, anakanganirana mpaka madola 335,000. Nyundo inagunda, belu la ku ntchito linalira, ndinabwerera ku makatoni anga.

Margreth anamaliza sukulu, ndipo pano ndi namwino. Timaonana pa maliro ndi pa maukwati. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, amafunsa za Cathy, ndipo akamachoka amatsanzika. Pakhomo panga sanapondeponso.

Nyumba ya ku Dowa inamangidwa. Malire atatsegulidwa tinapita tonse kukaitsegulira, aliyense pa ndege yake. Amayi anaphetsa mbuzi, anaitana mudzi wonse, ndipo pakati pa mwambo anaimirira n'kundikoka dzanja kundiimika pakhonde latsopanolo.

"Anthu inu mukuyamika Margreth, ndipo mukuchita bwino," anatero. "Koma muyamikenso uyu. Akanapanda kumutenga mng'ono wake, akanapanda kumusiyira malo ake a ntchito, bwenzi tili kuti? Ana anga amakondana. Chuma changa chenicheni n'chimenecho."

Amayi a m'mudzi analulutira. Ndinayang'ana Margreth. Anali akuomba nawo m'manja, pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Mpaka lero sanawauze amayi kalikonse.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti Consolata ndi mfiti, ndipo sindikutsutsani. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Pali munthu wina amene zikamuyendera mumamva kutentha pachifuwa, ndipo kawirikawiri si mlendo. Ndi amene munamuthandiza, amene mumaganiza kuti ayenera kukhala pambuyo panu mpaka kalekale. Ine ndinkamukonda Margreth nthawi yonse imene ankadya za m'manja mwanga. Atangoimirira payekha, chikondi changa chinaoneka msinkhu wake weniweni. Mukamva kutentha kumeneko, uzani munthu, ngakhale mwiniwakeyo, manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Ine ndinasankha kukhala chete n'kulemba kalata ya mphindi khumi, ndipo nthungululu za tsiku lija ku Dowa zimandiwawa kuposa chilango chilichonse chimene kampani inandipatsa.